Rula Yanga ndi Nkhulungo ya Esinati

Lolemba, Ogasiti 1956.

Lero ndadzuka mapewa akuphwanya koma mtima uli mbee. Ndisanasimbe chimwemwe changa, ndivomere kaye kuti ndinatsala pang'ono kuchititsa manyazi mayi anga ndi atsikana onse a m'mudzi mwathu chifukwa chofuna kulamula ndekha.

Nditatsika sitima pa Chipoka kubwera kutchuthi, ndinapeza tchalitchi chathu chatsopano atachifolera kale. Kunatsala kuzira pansi ndi kukongoletsa zipupa. Mayi anga anapempha amayi a mumpingo kuti ntchitoyi atisiyire atsikanafe, nalonjeza kuti itha lisanafike Lamulungu lotsegulira. Poti ndili kusekondale, utsogoleri anapatsa ine.

Inu owerenga, ndinadzimva! Ndinajambula zonse m'kope ndi rula, ndipo aliyense ndinkangomuuza pogwira. Esinati, mnzanga amene sukulu anangoilawa, anandiuza kuti mtsiro, dothi lakuda lija lozirira, umapezeka kudambo kuseri kwa minda ya mpunga. Ine ndinaona kutalika, ndipo ndinalamula kuti tikumbe pafupi ndi gombe.

"Ilo ndi mchenga wokhawokha, adona a pensulo," anatero Esinati. "Ndipo silimva Chingelezi."

Anzathu anaseka, ine ndinapsa mtima n'kumuuza kuti mtsogoleri ndi mmodzi. Kuyambira pamenepo palibe anatsegulanso pakamwa. Ankangochita zimene ndanena, ngakhale akuona kuti n'zolakwika.

Lachitatu m'mawa tinapeza pansi ponse patachita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Amayi a mumpingo anati pofika masana atilanda ntchitoyo. Mayi anga sanandikalipire. Anangotola kachidutswa ka dothilo, n'kukafikisa m'zala, mchenga uli yoyoyo, iwo akundiyang'ana.

Ndinathamangira kwa Esinati, ndinam'peza akuyanika usipa pathandala. Ndinapepesa, n'kumupempha kuti atenge utsogoleri wonse.

"Ufuna nanenso ndipenge ngati iwe?" anandifunsa akuseka. "Ine changa ndi dothi basi. Zojambula kafunse Aleni, uja amalemba maluwa pakhoma la agogo ake. Iwe uzisunga nthawi ndi kukonza magulu."

Tinagawana choncho, ndipo tinapangana kuti pa gawo la mnzako sutsutsa usanamumve. Amayi aja anatipatsa mpaka Lachisanu. Ine ndinakonza magulu osinthana, ena kudambo, ena kumadzi, kuti pasakhale woima. Koma kudambo ndinali wantchito wa Esinati. Anandibweza kawiri ndi dengu pamutu, ati ndakumba pamwamba. Anandiphunzitsanso kukhuluza pansi ndi nkhulungo, mwala wosalala uja, mpaka maondo anga ananyuka.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti atsikana aja anali duu anayamba kutulutsa nzeru ngati mphukira. Wina anati tiotche zigoba za nkhono za kunyanja tipeze utoto woyera. Wina anabwera ndi katondo, wina anasinja makala. Aleni anatafuna nsonga ya bango kukhala burashi, n'kujambula ngala za mpunga zokwera m'mbali mwa chitseko, ndi nsomba za chambo zotsatana kuzungulira chipupa chonse, zonse zolunjika kuguwa. M'kope mwanga munalibe chokongola chotero. Rula yanga anaibwereka kamodzi kokha, powongola mzere wa m'munsi.

Dzulo chitseko chitatsegulidwa, pansi pankanyezimira ngati pathiridwa madzi, popanda mng'alu ndi umodzi womwe. Amayi amene ankafuna kutilanda ntchito aja ndiwo anayambitsa nthungululu ali pakhomo. Abusa atafunsa kuti mtsogoleri ndani aimirire, ndinakoka Esinati ndi dzanja ili, Aleni ndi linali, tinaimirira atatu. Mayi anga anaphimba kukamwa ndi nsalu, koma maso awo ankaseka.

Anzanga amene mwapita patali ndi sukulu, ndikupempheni: mukapatsidwa gulu, muziyamba mwafunsa kuti ndani akudziwa chiyani, ndipo aliyense mum'siyire gawo lakelo lonse. Anthu akakhala chete pamaso panu musaganize kuti akugwirizana nanu. Ine chetechete ameneyo anandiwonongetsa masiku awiri ndi thukuta la anzanga khumi.

Khonde la mayi anga nalonso lakumbika. Mawa mbandakucha ndikagogoda kwa Esinati ndi dengu langa. Kope ndilisiya m'sutikesi.