Ndinanena Kuti Galimotoyo Ili Bwino

Mukhoza kunena kuti ukalamba wandisokoneza mutu, koma zimene ndikulembazi zinachitikadi, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ena amene anaona akadali moyo kuno ku Kasungu. Maina sinditchula. Ine kulemba ndaphunzira imvi zili mbuu, ku sukulu ya kwacha, ndipo ndinalimbikira cholembera chifukwa nkhani iyi pakamwa imandikanika.

Ndili mnyamata ndinali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Chamama. Mwini wake anali ndi galimoto yakuda yamakedzana, ya zitsulo zonyezimira kumaso ndi mipando yachikopa, ndipo akachoka makiyi ankasiyira kapitawo. M'mawa wina mkazi wanga uchembere unamuvuta, azamba atalephera, ndinathamanga kukagwada kwa kapitawoyo kuti atifikitse kuchipatala. Anandiyankha akukukuta chimanga chowotcha kuti mipando ya bwana siikhetseredwa magazi a matenanti, ndikabwereke ngolo. Ngolo ndinabwerekadi. Mkazi wanga anatsirizikira panjira, mwana ali m'mimba.

Ndinachoka pa esitetipo ndi kukalowa pa galaja ina pa boma, kuyambira kutsuka masipanala mpaka ndinakhala munthu amene aliyense wofuna kugula galimoto yakale ankayamba wamuitana. Injini ndinkaimvetsera ndi kachitsulo kukhutu, utsi ndinkaununkhiza, ndipo m'thumba ndinkayenda ndi maginito, chifukwa pamene anamata pobisa ngozi maginito sagwira. Ndikati gulani, anthu ankagula osafunsanso wina.

Panapita zaka zoposa makumi awiri, n'kufika nthawi ya makuponi a feteleza. Kapitawo uja analemera nthawi imeneyo, pogula makuponi kwa anthu anjala ndi kugulitsa matumbawo mokwera. Mwini esiteti atamwalira, ana ake anaika galimoto ija pamalonda, ndipo poti azungu ena okonda magalimoto akale anali ataisirira kale, mtengo wake unafika wa khola lathunthu la ng'ombe. Ndiye tangoganizani, amene anabwera pakhomo panga kudzandinyamula kuti ndikamuonere galimotoyo anali ndani? Iye uja. Anandipatsa moni wa madala, akuseka, osandizindikira n'komwe. Kodi munthu amakumbukira nyerere imene anaiponda?

Tinaipeza m'chigafa chakale cha fodya, atayipukuta ili phuliphuli. Maginito anagwira paliponse. Injini inalira kamodzi kokha, mawu ake osalala ngati yatuluka dzulo m'sitolo. Koma maso anga anagwera pansi pa chigafacho, pomwe dothi linali loyera ndi lonyowa ngati mchere, ndipo nditafunsa mlonda anandiuza kuti zaka zonsezi feteleza wa esiteti ankamuunjika momwemo, matumba ena kutsamiritsa pa galimoto yomweyo. Aliyense amene anasiyapo khasu pafupi ndi thumba la feteleza akudziwa chimene chimachitika. Ndinayala chiguduli ndi kulowa pansi chagada.

Pansipo, abale anga, panali manda. Tipaipi ta mafuta a mabuleki tinali titadyeka, dzimbiri likuyoyoka ngati fodya wouma, ndipo kamodzi nditakakanda ndi chikhadabo kanatuluka thukuta. Ndinadziwa kuti pamalo athyathyathya kagwira masiku angapo, koma tsiku limene munthu adzaponde mwamphamvu potsetsereka, kadzaphulika. Ndili chigonere ndinkaona nsapato zake zokha, zopolishidwa, zikuyendayenda, iye akusimbira mlonda uja kuti galimoto imeneyi ankaisunga yekha ngati mwana, palibe wauve analowamo. Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Ndinatapa girizi wakuda ndi chala, ndinapaka bwinobwino ponyowa paja, ndinatuluka n'kusasa fumbi, n'kumuuza kuti galimoto yotere sadzaipezanso, asanenerere n'komwe, azungu angamulande. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Musandifunse ngati mtima unandigunda, chifukwa sunagunde, ndipo tsiku limenelo ndinadya bwino kuposa masiku onse.

Ndinkadziwa kumene ankakhala, ndinkadziwanso kuti msewu wochokera kwawo umatsetsereka kukafika pa kamlatho kopanda zotchinga. Sabata ziwiri ndinkangotchera khutu kudikira uthenga wa maliro, mpaka Loweruka lina ndinalephera kupirira, ndinakwera njinga kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mlathowo kuti mwina ndidzionere ndekha. Cha m'ma leveni ndinamva hutala ndi nthungululu. Galimoto ija inatulukira pamwamba pa chitunda itavekedwa maliboni ndi maluwa, ndipo kumbuyo kwake kunali lole yodzaza amayi akuimba. M'galimotomo munali mkwatibwi, mwana wamkazi wa kapitawo uja. Ndiye kuti anaigulira ukwati! Mwini wakeyo sanalimo, anali mu lole.

Ndinathamangira pamsewu ndikukupiza chipewa, ndikukuwa kuti aime, koma pa ukwati munthu wokupiza chipewa amaoneka ngati akuvina. Woyendetsa anangowonjezera hutala, mkwatibwi anandibayibitsa akumwetulira. Kenaka ndinaona nkhope ya woyendetsayo ikusintha, thupi lake likudumphadumpha popondereza buleki yopanda kanthu. Mulungu amudalitse, sanalimbane ndi mlatho, anakhotetsera m'munda. Galimoto inadumpha mizere ingapo, inagunda chulu n'kugona chammbali, mateyala akuzungulirabe, hutala ili chilirire.

Palibe anafa. Mkwati ndi woyendetsa anatuluka ndi mabala, koma mtsikanayo mwendo unaphwanyika, ndipo ine ndemwe ndinathandiza kumusolola, diresi loyera litasanduka lofiira. Bambo wake sanandikayikire ngakhale pang'ono. Anati galimoto yoyesedwa ndi katswiri singataye mabuleki yokha, wina wachita kuilodza, ndipo anathamangitsa pamudzi mng'ono wake amene anamuganizira ufitiwo. Ine ndinamva zonsezo, n'kumusiya wosalakwayo azipita.

Kuyambira tsiku limenelo sindigona chagada, ndikangoyesa ndimamva hutala ija m'makutu, ndipo pansi pa galimoto sindinalowenso. Mtsikana uja banja linatha, lero ndi mayi wamkulu, amagulitsa tomato pamsika, ndodo ili pambali. Akandiona amauza anzake kuti agogo awa ndi amene anayesa kuimitsa galimoto yake, n'kundiikira basela wochuluka, ine n'kulandira. Bambo wake akuyenda ndi miyendo yake iwiri, ndipo ndisakunamizeni, ndikamuona mtima umawirabe ngati kale. Kukhululuka ndalephera, kuulula ndalephera.

Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma ine ndinachiona ndi maso anga chikumulambalala mwiniyo n'kukagwera mwana amene panthawi ya mlanduwo anali asanabadwe. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti msampha umautchera ndi iwe, koma wokodwa sumusankha. Tsono inu ogula galimoto yakale, musakomedwe ndi penti kapena kulira kwa injini, funsani kumene inkagona ndi zimene inkagona nazo. Ndipo musanatume munthu kulowa pansi pake, muyang'anitsitseni kumaso, mudzifunse ngati sanayambe wakugwadiranipo inu n'kumubweza.