Tsiku Limene Apongozi Anandilankhula

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula kwa kalaliki wa pa esiteti ya tiyi. Inali ndi matenda awiri: handibuleki inafa kalekale, ndipo chiwongolero chinali chopendama. Galimoto ikamayenda molunjika, icho chinkayang'ana kumbali ngati nkhuku yoona kabawi.

Ine sindinkadandaula nazo, mpaka apongozi anga, amayi a mkazi wanga, atavomera kuti ndiwanyamule popita kutchalitchi ku Bvumbwe. Ndine mkamwini, ndipo mwambo wa pamudzipo sulola kuti iwo ndi ine tilankhulane maso ndi maso. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri mawu onse ankadzera mwa mwana wawo: "Uwauze amuna akowo denga likudontha." Ndinkalakalaka kuti tsiku limodzi lokha andione ngati munthu, osati wofolera denga basi.

Lamulungu m'mawa mkazi wanga anatsogola ndi anzake a kwaya, ine n'kuitana makaniko wa mathirakitala kuti adzawongole chiwongolero chija. Kwathu kuminda ya tiyiko kulibe malo athyathyathya. Aliyense amaimika galimoto pamtsetse, matayala atawakhotetsera kumizere ya tiyi, mwala kutsogolo. Yanganso inaima choncho. Makanikoyo sanazungulire n'komwe kuti aone matayala. Anamasula nati, kuzula chiwongolero, kuchibwezera chili chowongoka bwinobwino.

"Mwaona, aphunzitsi? Chanyuwani!"

Apongozi anali pakhonde ndi mpango wawo woyera, akuonerera. Anatsokomola kawiri. Ndinkayesa chimfine.

Anakwera kumbuyo, nkhope atalozetsa kuwindo monga mwa ulemu. Makaniko anachotsa mwala. Ine ndinagwira chiwongolero changa chowongokacho modzitukumula, n'kuponda moto. Galimoto inamvera matayala ake. Tinadumpha ngalande n'kukaima pakati pa munda, masamba a tiyi ali mbwee pagalasi. Makaniko uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito ina.

Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Akamwini."

Ndinacheuka kufunafuna mkazi wanga, kuiwala kuti kunalibe.

"Ndikunena inuyo. Matayala aja anali okhota. Ndatsokomola kawiri ine, ndikanatani?"

Anakonza mpango wawo, n'kusuzumira panja.

"Ndathyola tiyi m'munda uno moyo wanga wonse, koma kulowamo pagalimoto ndayamba lero."

Ndipo anaseka mpaka misozi, akundiyang'ana m'maso.