Nsomba m'chipewa cha atate

Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene atate ananditenga koyamba kukawedza, ndipo ulendo umenewo ndi umene unapha chipewa chawo. Tinkakhala ku Kanyama, komboni ya ku Lusaka, dziko likadali m'manja mwa azungu, m'kanyumba ka zidina kofolera ndi malata a migolo otsendereza ndi miyala. Atate anachokera ku Nyasalande ali mnyamata ndipo ankagwira ntchito ya ukhukhi ku mayadi. Chuma chawo chooneka ndi maso chinali njinga ndi chipewa chaubweya chimene anagula ku Joni. Chipewacho ankachivala Lamulungu lokha, pakuti anali mkulu wa mpingo, ndipo mwana wochikhudza ankaona zakuda.

Khomo loyang'anana ndi lathu linali la ba Saidi, telala wa Chisilamu wochokeranso ku Nyasalande. Mwana wawo Amina anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Chifukwa cha chinansi chimenechi, nkhuku kwathu sinkaphedwa ndi atate. Tinkapita nayo kwa ba Saidi ikukuwa kuti akaizinge, ndiye kuti aidule pakhosi mwa mwambo wawo, kuti ndiwo zikapsa mbale ithe kuoloka kanjira kupita kwawo. Atate ankatiuza kawirikawiri kuti, "Nyama yofa yokha anzathuwa sadya. Za kuzinga amadziwa ndi Che Saidi, ife tisamachite ngati tikudziwa." Ine mawu amenewa ndinawasunga kuposa ndime zonse za ku sukulu ya Sande.

Nsomba zimene ndinkazidziwa zinali zouma za pamsika, zong'ambidwa kale, choncho ndinkangoti Asilamu a kunyanja anathana nazo. Kapenta yekha ndiye ankandisowetsa mtendere. Ndinkawamvera chisoni anthu amene ankakhala tsiku lonse ndi timipeni, kuzinga tinsomba tonse tija kamodzikamodzi.

Dzinja la chaka chimenecho Amina anadwala chikuku. Anandiletsa kulowa m'nyumba mwawo, ndiye tinkacheza pa kazenera, ine nditakwera pa mwala. Thupi litasiya kutentha, vuto linatsala la kudya. Phala ankalavula, tiyi ankakankha, mwana n'kuonda mpaka maso okha. Amayi ake ankabwera kwa amayi anga kudzanong'ona, ndipo ine ndinachita mantha kwambiri, chifukwa chikuku chomwecho chinali chitatenga kale ana awiri m'dera lathu.

"Ufuna kudya chani?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Nifuna nsomba ya manzi," anayankha ndi kamawu kakang'ono. "Osati vouma."

"Nizakuletela," ndinatero, kutanthauza kuti ndidzamubweretsera.

Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Lonjezo linali litachitika, ngakhale kuti nsomba yamoyo ndinali ndisanaionepo chibadwire.

Mwayi wanga unali wakuti atate sankatha kudya nsomba youma osatiuza za chambo chimene ankawedza kwawo, chotalika ngati mkono wawo, ndipo chaka ndi chaka mkonowo unkatalikirako. Ndinawaumirira masiku atatu. Tsoka lake, nthawi yokhayo imene mzungu wa kuntchito kwawo ankawamasula inali Lamulungu, ndipo mkulu wa mpingo sankayenera kuoneka ndi mbedza pa Sabata. Pomaliza anagonja, koma mochenjera. Titaweruka ku tchalitchi sanavule jekete kapena chipewa, kuti wotiona aziyesa tikupita kukazonda odwala. Chingwe ndi mbedza anaika m'thumba, kachitini ka nyongolotsi anandipatsa ine kuti ndibise m'diresi.

Lusaka alibe mtsinje woti munthu n'kuutchula. Nyanja yathu inali dzenje lalikulu kuseri kwa komboni, mmene anthu ankakumbamo miyala ya laimu, ndipo mvula ikagwa linkadzaza madzi obiriwira. Atate anadula mabango awiri, namangirira zingwe, naikapo tizidutswa ta phesi toyandama. Anandionetsa kavekedwe ka nyongolotsi ku mbedza, ine n'kuyang'ana kumbali chifukwa inkadzipinda ngati ikupempha. Kenako anandiuza lamulo lalikulu la asodzi, lakuti munthu amakhala chete.

Ndinakhala chete nthawi yokwanira kumeza malovu kawiri. Ndinafunsa ngati nsomba zimagona, ngati zimamwa madzi omwewo, ngati mvula ikagwa zimanyowa. Ndinaimba nyimbo ziwiri za ku tchalitchi. Atate anasuntha malo katatu kundithawa, ine ndikuwatsata. Dzuwa linapendeka, udzudzu unayamba kutilawa, phesi lawo lili phee.

"Nsomba za kuno n'zosaphunzira," anatero akupukuta thukuta. "Sizidziwa nyambo yabwino."

Ali mkati monyoza choncho, phesi langa linamira. Ine ndinali kuyang'ana tombolombo, ndipo chimene ndinamva ndi bango likunjenjemera m'manja. Ndinakoka ndi mphamvu zoti n'kuzula chinangwa. Kanthu konyezimira kanauluka pamwamba pa mitu yathu n'kukagwera mu udzu. Kanali kansomba ka mamba, kotalika ngati chikhatho cha atate, koma kwa ine kanali chambo chonse cha m'nkhani zawo. Atate anakatola, nakachotsa ku mbedza, nakweza dzanja kuti akamenyetse pa mwala.

"Batate, musaipaye!" ndinakuwa. "Amina sazadya."

"Nsomba sazinga, mwanawe."

"Imwe muziba bwanji? Munakamba mweka ati va kuzinga baziba ni ba Saidi."

Atate anatsitsa dzanja. Mawu anali awo omwe, ndipo sanali munthu wobweza mawu pamaso pa mwana.

"Chabwino. Tikafika tikawafunsa."

"Manje ikafa pa njila, ba Saidi bakakamba ati yenze yofunika kuzinga, tizachita bwanji?"

Atate anayang'ana uku ndi uku. Panafunika chotengeramo madzi, koma kachitini kathu anali atakaboola ndi msomali kuti nyongolotsi zizipuma. Nsapato zawo zinali zong'ambika kunsi. Maso anga anakwera pang'onopang'ono mpaka pamutu pawo, ndipo iwo ataona kumene ndikuyang'ana anagwira chipewa ndi manja awiri.

"Ayi. Chimenechi ayi."

Sindinalire mokuwa. Misozi inangoyamba kutsika yokha, kansomba kakutsegula ndi kutseka pakamwa m'dzanja lawo. Ndinangoti, "Ninalapa kuli Amina," kutanthauza kuti ndinalumbira. Atate anavula chipewa chija, nachiyang'ana ngati m'bale amene akumuperekeza ku sitima, nachimiza m'madzi obiriwira.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Ndinakhala pa chitsulo cha kutsogolo kwa njinga, chipewa chili m'manja, atate akupalasa dazi lili pamtunda. Chipewa cha ku Joni chinasunga madzi ndithu, koma chinkadontha, ndipo njinga ikagunda mwala theka linkathera pa diresi langa. Ubwino wake Kanyama wa dzinja sasowa zithaphwi. Madzi akachepa ndinkakuwa, atate n'kuima, n'kugwada ndi jekete lawo la ku tchalitchi, n'kutunga.

Pa chithaphwi chachitatu tinakumana ndi amayi anayi a kumpingo kwathu, amene ankachokera kozonda odwala kwenikweni. Anaima n'kumayang'ana mkulu wawo akutunga matope ndi chipewa.

"Ba mkulu, kansi muchita chani?" anafunsa mmodzi.

"Tili pa changu, amayi," anatero atate osadzutsa mutu.

"Tagwila nsomba ku damu," ndinawathandiza kufotokoza. "Batate sibanagwile, nagwila ndine."

Kutsogolo pang'ono wapolisi wa kabudula anatiimitsa kuti aone kachitsulo ka msonkho wa njinga. Kanalipo. Koma maso ake anagwera pa chipewa chodontha chija, ndipo anawerama n'kununkhiza, poganiza kuti tapeza njira yatsopano yonyamulira kachasu. Nsomba inamuwaza madzi kumaso.

"Muipeleka kuti iyi?"

"Ku kuzinga," ndinayankha. "Tisiyeni, izafa."

Wapolisiyo anawayang'ana atate nthawi yaitali, mwachisoni, monga mmene anthu amayang'anira munthu amene mutu wayamba kumuvuta. Kenako anangoti, "Pitani, mudala." Pofika pakhomo tinali ndi gulu la ana pambuyo pathu, ndipo chinsinsi cha atate chinali chitafika kale kumene ife tinali tisanafike.

Ba Saidi anali pakhonde, akupalasa makina awo osokera. Ndinatsika njinga isanaime, ndinagwada, n'kuwapatsa chipewa ndi manja awiri. Nsomba inali itagona chammbali koma makha ake ankagundabe.

"Ba Saidi, zingani musanga. Ni ya Amina."

Anasuzumira m'chipewa. Anayang'ana atate. Atate anayang'ana miyala ya padenga ngati akuiwerenga. Ndevu za ba Saidi zinayamba kunjenjemera, ndipo anaimirira mofulumira.

"Dikirani pang'ono, mayi. Ndiyambe ndasamba m'manja."

Anapita kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsa. Tinkangomva kutsokomola ndi kufwenthera. Ine ndinkapondaponda pansi, ndikudabwa kuti manja a munthu mmodzi angade bwanji chotero. Atabwera, maso ali ofiira, ananyamula thabwa ndi mpeni womwe uja wa nkhuku. Mnyamata wina m'gulu lija anayamba kuseka, ba Saidi n'kungomuyang'ana kamodzi, kuseka n'kuthera pomwepo. Anagoneka kansomba pa thabwa, nafufuza ndi chala pamene khosi likanakhala, natchula dzina la Mulungu chapansipansi, nadula.

"Yatheka," anatero. "Mwachita bwino kufulumira nayo."

Amayi a Amina anaiphika ndi tomato ndi mchere basi. Ndinakwera pa mwala wanga kuonerera pa kazenera. Amina anadya yonse, anatsopa ndi mutu womwe, nafunsa ngati ilipo ina. M'mawa mwake anamwa phala. Sindikunena kuti nsomba ndiyo inamuchiritsa, mwina nthawi yake yoti adye inali itangokwana, koma tsiku limenelo ndinagona ndili munthu wamkulu.

Amene analipira anali atate. Akuluakulu anzawo anawaitana kukafotokoza za kuwedza pa Sabata, ndipo anakhala milungu ingapo pa benchi ya kumbuyo osawerenga mawu. Chipewa chinauma padenga, chinafota, mlomo wake n'kupindika ngati tsamba la mpiru. Fungo silinachoke ngakhale amayi anayesa sopo ndi mandimu. Atate anapitiriza kuchivala chomwecho, chitakhala pansonga pa mutu, ndipo akachiika pansi mphaka wa ba Saidi ankabwera kudzagonamo. Sanandikalipirepo za chipewacho ngakhale tsiku limodzi.

Zoona ndinazidziwa ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinapita ku msika ndi Amina, tinapeza nsomba zaziwisi za ku Kafue, ndipo ndinafunsa wogulitsa mokweza kuti anazinga ndani. Msika wonse unatembenuka. Amina anandikokera kuseri kwa matebulo, akuseka mpaka kugwira pamimba, nandiuza kuti nsomba sizizingidwa, ndipo kuti atate ake analetsa nyumba yonse kundiuza. Ndinapsa mtima ndi manyazi. Ndinapita molunjika pakhonde paja n'kuwafunsa ba Saidi chifukwa chimene anandinamizira zaka zonsezo.

"Sindinakunamize," anayankha akulowetsa ulusi mu singano. "Dzina la Mulungu timatchula pa chilichonse, ngakhale podula nsalu. Iwe unabwera utanyowa thupi lonse chifukwa cha mwana wanga, atate ako atataya chipewa ndi ulemu womwe. Ndikanati mwavutika pachabe, mawa ukanathamangiranso ndani?"

"Nanga manja aja munkasamba nthawi yonse ija?"

"Manja ati? Ndinali nditaluma kofia kuseri uko kuti usandimve. Ndinatsala pang'ono kufa."

Atate ndi ba Saidi anapita kalekale, ndipo ine ndi Amina tsopano tili ndi zidzukulu. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti mwana akabwera ndi chinthu chopusa atachigwira ndi manja awiri, kawirikawiri mkati mwake mumakhala mtima wake wonse, ndipo kuseka kwa munthu wamkulu kungathe kuupha msanga kuposa mmene nsomba imafera pamtunda. Kuwongola maganizo a mwana kulibe changu, adzadziwa yekha pa msika. Sabata yatha mdzukulu wanga wa zaka zinayi anandibweretsera dzira la m'sitolo atalikulunga mu sokosi, kuti ndimuthandize kulifungatira mpaka litaswa mwanapiye woti akapatse mnzake. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndinamuuza kuti adikire pang'ono, ndipo ndinapita kuseri kwa nyumba kukasamba m'manja.