Phula lakuda la pa kheni

Chinali chitoliro, koma osati ngati zathu zino. Tinsungwi tambiri, tatitali kuposa mkono wanga, tinkadutsa m'kachikuni koboola pakati, ndipo polowera pake panamatidwa phula lakuda lonunkha utsi. Malume ankati dzina lake ndi kheni. Anapatsidwa ndi katswiri wa mpunga wa ku dziko la Laos amene malumewo ankamuyendetsa pa galimoto, tsiku limene katswiriyo ankabwerera kwawo.

Chaka chimenecho malume anasiya ntchito n'kudzakhala nafe ku Chinsapo. Inali nyengo yozizira, ya fumbi. M'mawa ankaothera dzuwa pakhonde atafunda chitenje cha mayi pamwamba pa jekete. Kheni ankaigwira ndi manja onse awiri ngati akumwa madzi. Akauzira inkalira, akakoka mpweya inkaliranso, ngati limba la kutchalitchi likumveka kutsidya kwa mtsinje. Azimayi opita kumjigo ankayenda pang'onopang'ono. Ine ndikatsinzina ndinkaona minda yodzaza madzi imene sindinafikeko.

Abusa atamva, anapempha kuti malume adzaimbe pa Sabata la masika. Malume anavomera akuyang'ana pansi.

Kwathu chinthu chakuda sichinkalowa m'nyumba ya Mulungu. Loweruka tinkakwecha zonse, nsapato, zikhadabo, zidendene. Choncho malume atagona masana, ndinatenga msomali n'kupala phula lonse lija, poganiza kuti ndi litsiro. Ndinagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndiitche tchimo.

Atadzuka anauzira. Kunangomveka fuu, mpweya ukuthawira m'mipata. Mayi anathyola kamtengo.

"Manja akowa amayabwa eti?"

"Mlekeni, mlongo," anatero malume. "Waiyeretsa."

Lamulungu malume anakhala kumbuyo, manja ali pamaondo. Abusa anauzidwa kuti chida chawonongeka.

Masabata otsatira ndinayesa kukonza mlandu wanga. Ndinabweretsa kandulo, chingamu, kenako phula lenileni la njuchi limene bambo wina wa ku Mgona anandipatsa. Malume ankalinunkhiza, n'kumwetulira, n'kunena kuti, "Mawa, mphwanga." Mvula isanagwe tinawaperekeza kumudzi ali m'bokosi, phula la njuchi lija lili m'thumba la jekete losagwiritsidwa ntchito.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti sanandikhululukire. Zinandimasukira mochedwa, ndikudwazika mkazi wanga, pamene anakana kuimba nane nyimbo yake yapamtima ponena kuti zilembo za m'buku zachepa, chikhalirecho ankaidziwa pamtima.

Ndili mwana ndinkamva kukoma kokha. Sindinazindikire kuti nyimbo za pakhonde zinkafupika sabata ndi sabata, kuti malume ankaima pakati kudikira chifuwa chawo, ndiponso kuti munthu amene sakanatha kuimba ndime imodzi pamaso pa mpingo wonse mtima wake unakhala pansi ataona zimene msomali wanga unachita.