Mchira wa Mbewa m'Chiponde cha Mailesi

Mng'ono wanga Mailesi anabadwa ndi pakamwa, ndipo atapeza foni pakamwapo panangosamukira ku zala. Ine ndine Lonia, mkulu wake, ndimasoka zovala pamsika wa paboma ku Chadiza. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala. Sindikana, koma amene anakula ndi Mailesi m'nyumba imodzi ndiye angandiweruze.

Kwathu ndi ku Zingalume. Mailesi anafika giledi 12 ndipo ankafuna unamwino, koma zinakanika. Anakwatiwa ndi munthu wina woyendetsa lole, amene anawoloka malire a Mozambique tsiku lina n'kuiwala njira yobwerera. Anamusiyira mwana mmodzi, Natasha. Mailesi anabwerera pakhomo pa amayi n'kugwira khasu ngati wina aliyense, kungoti iye akaweruka kumunda ankakhala pansi n'kumalemba nkhani pa Fesibuku. Tsamba lake analitcha Za ku Zingalume. Ankalemba za ng'ombe za pangolo zimene zimakana kuwoloka mtsinje zikaona eni ake avala suti, za mavenda ogula mtedza ndi sikelo zawo zodwala, za kafutsidwe ka khwanya. Anthu akwathu okhala ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Joni ankawerenga n'kumalira kuti asowa kumudzi, chonsecho akabwera pa Khirisimasi sagonako kawiri.

Pansi pa nkhani iliyonse panali Philemon, mwana wa amalume athu, amene amanyamula katundu wa anthu panjinga kuchoka kumudzi kubwera paboma. Philemon ndi msuweni wathu, ndipo kwathu msuweni ndi munthu wotukwanizana naye. Amakutcha mkazi wake, amakulanda chimanga chootcha m'manja, amanena kuti mutu wako ndi dzungu, ndipo palibe mlandu. Ine ndinamuletsa kalekale, koma iye ndi Mailesi anayamba zimenezi asanadziwe n'kuvala komwe. Mailesi akalemba za kaphikidwe ka therere, Philemon ankayankha kuti, "Mkazi wanga uyu therere lake ndimamatira chubu cha njinga." Mailesi naye, "N'chifukwa chake njingayo ili ndi thanzi kuposa mwini wake." Owerenga ena ankathamangira ku ndemanga asanawerenge nkhani yeniyeniyo.

Koma kusekedwa ndi anthu sikugula sopo. Natasha ankakula, nsapato zikuchepa, ndipo mayi wina wa mpingo wathu amene amakhala ku Lusaka anauza Mailesi kuti apite akagwire ntchito ya m'nyumba. Anati malo ogona alipo, koma a munthu mmodzi. Mwana anayenera kutsala ndi ine. Mailesi anabwera kushopu kwanga maso ali ofiira, nati, "Asisi, ndiyeseko kamodzi kokha. Mtedza wa chaka chino sindipatsa mavenda. Ndipanga chiponde, ndigulitse kwa anthu anga a pa Fesibuku. Zikakanika ndikwera basi."

Ndinamuuza kuti anthu oseka ndi anthu ogula ndi mitundu iwiri, koma wamva liti zanga? Anaswa mtedza wonse wa chalimbana wa m'munda mwake, kusankha, kukazinga, kupeta, mpaka zala zinachita matuza. Philemon ankabweretsa matumba a mtedzawo paboma kuti ugayidwe, akumunyoza njira yonse. Mabotolo tinkasunga kuseri kwa nsalu yotchinga m'shopu mwanga, ndipo maoda akabwera tinkakweza makatoni paminibasi ya ku Chipata kuti akalowe basi ya ku Lusaka. Kunena zoona chipondecho chinali chabwino, ndipo owerenga ake anagula. Mayi wina wa golosale ku Lusaka anaitanitsa makatoni ambiri ndithu. Ine ndemwe ndinayamba kuyenda modzitukumula pamsika.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mailesi anamva kuti ukalipira kangachepe, chithunzi cha malonda ako chimaonetsedwa kwa anthu amene sakukudziwa n'komwe. Analipira. Patsamba pake panadzaza alendo, azimayi a m'tauni amene Chinyanja amachimva koma Zingalume sadziwa kuti ili mbali iti. Ndipo pakati pa alendowo, Philemon anapuma pamthunzi ndi njinga yake, natulutsa kafoni kake kong'aluka galasi, n'kulemba kuti:

"Anthu inu musanamizidwe. Mkazi wanga uyu chibadwire sanasambepo m'manja. Dzulo ndapeza mchira wa mbewa m'botolo."

Munthu wamalonda aliyense padziko lapansi akanafufuta mawu amenewo, kapena kukana. Koma kwathu msuweni akakugenda sukana. Ukakana ndiye kuti wakwiya, ndipo wokwiyira msuweni amasekedwa mudzi wonse. Umatola mwala womwewo n'kuwonjezera wina. Ndiye mng'ono wanga, mwini chiponde, pansi pa chithunzi chimene analipira yekha, anayankha kuti:

"Wapeza mchira wokha? Mutu uli m'botolo lina, ufufuze bwino. Ndinakuikira ndiwo, mmphawi iwe."

Ndinaziona ndili pakati posoka yunifolomu ya mwana wa munthu, ndipo ndinadzibaya ndi singano. Ndinamuimbira pomwepo. Anayankha akuseka mpaka kutsamwa.

"Asisi, mwaona mmene ndamugonetsera?"

"Wagonetsa ndani? Fufuta msanga, chitsiru iwe!"

"Ndifufute kuti azinena kuti ndathawa? Aliyense akudziwa kuti ndi Philemon."

Aliyense wake uti? Dzuwa lisanalowe, wina anali atajambula kale ndemangazo n'kuziponya m'magulu a azimayi a ku Lusaka, atalembapo pamwamba kuti mwamuna wake yemwe waulula ndipo mayiyo wavomera. Mailesi anafufuta mawa lake, koma madzi akatayika sawoleka. Mayi wa golosale uja anaimba foni n'kunena kuti makatoni asakwezedwe. Ena amene anagula kale anatumiza zithunzi akukhuthulira chiponde m'dzala.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa ndi anthu akwathu. Anabwera ambiri kudzamuteteza, inde, koma tamvani chitetezo chake. Wina wa ku Kitwe analemba kuti, "Kodi vuto n'chiyani? Mbewa ndi ndiwo, akuikirani basela." Wina anafunsa ngati botolo la mutu lija lilipobe kuti aligule. Amalume ena a ku Mlolo analemba ndime yaitali yofotokoza mitundu ya mbewa, yonona ndi yosanona. Ankaganiza kuti akuthandiza! Alendo aja anangotsimikiza kuti ku Chadiza n'kwa amisala.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Kuseri kwa nsalu kuja mabotolo anangoti ndundundu, mafuta akuyandama pamwamba, ndipo chiponde sichidikira munthu. Mailesi anasiya kuseka. Tsiku lina anabwera ndi Natasha, namutuma kukagula zitumbuwa, ndipo mwana atatuluka anandipempha kuti ndimusokere zipi ya chikwama chake cha paulendo. Ndinalanda chikwamacho n'kuchiponya pansi pa tebulo. Ndinatseka shopu masana, n'kupempha malo pangolo yopita kumudzi.

Philemon ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akumata chubu. Atandiona anayamba kale kumwetulira.

"Mkazi wanga wamkulu wabwera! Mwanditengera mutu uja?"

"Philemon, ndisakumenye ndi pampu imeneyo. Ulembe pa Fesibuku kuti unanama, upepese."

"Aa, msuweni amapepesa? Munamva kuti zimenezo? Tikayamba kupepesana ndiye kuti chibale chatha. Anthu a ku Lusakawo aphunzire nthabwala."

Ndinamukalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Potsiriza anati chabwino, natenga foni, nalemba, n'kundionetsa monyadira. Analemba kuti: "Pepani nonse, ndinalakwitsa. Sunali mchira wa mbewa, unali wa buluzi." Mwamwayi anali asanatumize. Ndinamulanda foniyo, ndipo mawu anga anatsika okha, chifukwa ukali unali utandithera.

"Mailesi akupita ku Lusaka kukachapa zovala za anthu. Natasha atsala ndi ine. Chikwama chili kale kushopu kwanga. Seka tsono."

Sanaseke. Anayang'ana chubu chili m'manja mwake kwa nthawi, guluu akuuma. Anafunsa ngati Natasha akudziwa, ndinati ayi. Anangoti, "Ndamva," ndipo ine ndinanyamuka ndisakudziwa ngati wamvadi.

M'mawa mwake anafika kushopu atavala jekete la kutchalitchi, thukuta lili kamukamu. Anandiuza kuti nditenge foni yanga ndimujambule kanema. Anaima chilili pafupi ndi makatoni ngati munthu wa pakhoti, manja kumbuyo.

"Dzina langa ndine Philemon Mvula," anatero. "A Mailesi si akazi anga, ndi ana a azakhali anga. Kwathu asuweni timanyozana, ndiye mwambo. Za mchira ndinapeka ndekha. Chiponde ichi ndimachinyamula ndine, ndimaona mmene amachisamalira. Ndawalakwira kwambiri. Ndikulonjeza pamaso pa anthu nonse kuti sindidzawanyozanso."

Kenako anatsegula botolo, nadya supuni yodzaza, osamwetulira ngakhale pang'ono. Chibadwire ndinali ndisanamvepo Philemon akunena kuti "a Mailesi".

Kanemayo sanathamange ngati mmene unathamangira mchira, chifukwa nkhani yabwino imayenda wapansi. Komabe anafika. Anthu ena a m'tauni anati nawonso kwawo ali ndi achimbuya amene amanyozana nawo chimodzimodzi, ndipo anamvetsa. Mayi wa golosale anatenga theka la makatoni aja, akuti ayesere kaye. Mabotolo ena anali atayamba kale fungo, ndipo chiponde chake chinadyedwa ndi nkhumba za amayi. Koma otsalawo anapita, maoda ena anabwera, ndipo Mailesi anaimbira mayi wa mpingo uja kuti afune munthu wina. Chikwama chija ndinachisoka ndithu, koma amanyamuliramo zivindikiro za mabotolo. Natasha mpaka lero sadziwa kuti anatsala pang'ono kukhala mwana wanga.

Mailesi masiku ano ndi wamalonda weniweni. Amagula mtedza kwa anzake a m'mudzi, anawonjezera nsinjiro ndi mfutso, ndipo patsamba pake amalemba mwaulemu ngati kalaliki wa kukhonsolo. Pansi pa zithunzi zake anthu amangofunsa mtengo ndi tsiku limene katundu afike. Ine ndinkati nkhani yatha bwino, ndipo ndinkauza aliyense pamsika kuti ndine ndinaikonza.

Koma Philemon lonjezo lake analisungadi, ndipo analisunga mopitirira. Ndinamufunsa tsiku lina kuti kodi wakwiya. Anati, "Iyayi, a Lonia, sindinakwiye. Koma pakamwa pangapa panatsala pang'ono kulekanitsa mwana ndi amake. Ndikati nditsegule, mawu amabwerera okha." Ndinamuuza kuti lonjezolo linali la pa Fesibuku, osati la panjira kapena pamaliro. Anangogwedeza mutu n'kukwera njinga. Tsono ndikwiyire ndani? Munthu ukamuuza kuti achepetse mchere, iye n'kusiyiratu kuthira!

Sabata yatha anachedwa ndi makatoni, minibasi ya ku Chipata itatsala pang'ono kudzaza. Mailesi anamudikira pakhomo la shopu, manja m'chiuno, ndipo nditamuyang'ana ndinaona kuti wakonzekera, maso akuwala ngati kale.

"Iwe chimutu cha dzungu!" anakuwa, msika wonse ukumva. "Unagona m'khola la mbuzi? Mwamuna wanji wochedwa ngati kamba?"

Azimayi ogulitsa tomato anasiya zimene ankachita, kudikira yankho. Philemon anatsika panjinga, navula kapusi.

"Pepani amayi, tayala linaphwa pa mlatho."

"Linaphwa ndi tayala kapena ndiwe? Taonani miyendo ngati ya nankabai!"

"Zikomo amayi. Makatoniwa nditsitsire pati?"

 Mailesi analoza pansi ndi chala, natembenuka, n'kulowa kuseri kwa nsalu kumene timasunga mabotolo. Philemon anatsitsa makatoni imodziimodzi, mosamala, nawasanja bwino pakhonde. M'shopu munali mayi wina amene ankadikira diresi lake, ndiye ndinakhala pamakina n'kupalasa mwamphamvu, kuti asamve zimene zinkachitika kuseri kwa nsaluyo.