Mwana wa Dorica Amene Sanaliridwe

Dorica ndi mayi woti mukakumana naye pamsika wa ku Vubwi simungamuyang'ane kawiri. Amalima mtedza ndi thonje, Loweruka amagulitsa zitumbuwa. Anatengedwa chitengwa ndi a Jailos, ndiye amakhala kwa apongozi, mudzi wa kufupi ndi malire a Mozambiki. Anatha zaka zambiri wopanda mwana, anthu n'kumunena mpaka makutu kuwawa. Atatenga pakati, pakhomopo panayamba kumveka kuseka.

Koma matenda anamuyamba mvula ili pakati. Ngolo imene inamunyamula kupita kuchipatala inatitimira pamtsinje, ng'ombe zikukoka, azibambo akukankha, iye akubuula. Mwana anabadwira pomwepo, wamwamuna, tsitsi lili bii, koma wopanda mpweya. Dorica anangomuona kamodzi. Amayi achikulire anamukulunga m'chitenje n'kulowa naye kuthengo, ndipo mpaka lero palibe wamuuza pamene anamuika.

Kwathu kuno mwana wotere timamutcha mtayo, ndipo mtayo saulira. Palibe bokosi, palibe nyimbo, abusa saitanidwa. Apongozi ake, mayi a Jailos, anamukhazika pansi tsiku lomwelo. "Mwana wanga, msozi ukangogwa, mwadzitsekera nokha mimba. Simudzaberekanso. Mwamva?" Ine zimenezi zimandipsetsa mtima, kunena zoona. Mbuzi ikafa mwini wake amadandaula mudzi wonse n'kumva, koma munthu amene wanyamula mwana miyezi yonse ija akuti akhale duu!

Ndiye Dorica anakhaladi duu. Mkaka unatuluka n'kunyowetsa bulauzi, iye anangomanga nsalu pachifuwa n'kupita kukapalira. A Jailos nkhaniyo sankaitchula. Akamuona ali ndwii, ankatenga njinga n'kuchokapo. Apongozi nawo maso anali pa iye, kuchitsime ali naye, kumunda ali naye, ngakhale utsi ukamulowa m'maso pophika ankamufunsa. Dorica mtima unkamupweteka koopsa. Mwanayo anamupatsa dzina chamumtima, Limbani, koma analibe poti n'kulitchulira.

Mpata unkapezeka Lachinayi lokha, ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Kumeneko imafika nthawi imene mtsogoleri amati aliyense apemphere mokweza, amayi onse n'kuyambira limodzi, phokoso ngati mvula pa malata. Dorica ankagwada kumbuyo, duku atalikokera kumaso, n'kulira mpaka mapewa kugwedezeka. "Ambuye, Limbani ali kwa Inu. Ine sindinamufunditse, mufunditseni Inuyo." Akamva kuti phokoso likuzirala, ankapukuta msangamsanga. Apongozi ankakhala kutsogolo ndi akuluakulu anzawo, choncho sankaona kanthu. Kamphindi kameneko ndi kamene kankamufikitsa Lachinayi lina.

Lachinayi lina Dorica ndi apongozi anachedwa kumunda akutola thonje. Anafika mabenchi atadzaza, awiriwo n'kupanikizana pa benchi imodzi kumbuyo. Dorica anangoti mumtima, basi, sabata ino palibe kulira. Phokoso litayamba anagwada, analuma mlomo, n'kumangopempherera odwala ndi ana a sukulu, mawu ouma ngati chimanga chokazinga.

Koma khutu lake linali pafupi ndi pakamwa pa apongozi. Mayi aja, olimba mtima aja, ankanong'ona mawu akunjenjemera. "Ambuye, Sarah wanga uja. Ndi Mateyo amene anandilanda ndisanamugwire n'komwe. Musawaiwale." Kalanga ine! M'banja la a Jailos mulibe Sarah, mulibe Mateyo. Dorica anamvetsa. Misozi inangotsika yokha, sanaibisenso, ndipo m'phokoso lomwelo anamva dzanja lokhakhala likugwira lake mwamphamvu.

Pobwerera anayenda limodzi mpaka pamene madenga a mudzi anayamba kuoneka. Apongozi anaima, anamasula nsonga ya chitenje chawo.

"Pukutani kumasoko. Tikulowa m'mudzi."

Dorica anapukuta. Apongozi anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa chapansipansi, "Munamutcha ndani?"

"Limbani, amayi."

Mayi aja anagwedeza mutu, milomo ikuyesa dzinalo mopanda mawu. "Lachinayi muzikhala pafupi ndi ine, tizimutchula tonse. Koma kunyumba ayi. Jailos asamve."

Anasenza matumba a thonje amene anasiya m'mbali mwa njira popita kutchalitchi, n'kulowa m'mudzi maso ali gwa.