Mejala Chidindo ndi Manda a Mlamu Wake

Nkhondo imaonetsa ena zakuda, ena imawanenepetsa. Mchimwene wake wa telala wamkazi uja wa pakona, pafupi ndi pokwerera mabasi, anali m'gulu lachiwirili. Anakhala ku nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi, nabwerako ndi chipsera chimodzi chokha: chala chakuda ndi inki. Asilikali anzake anam'patsa dzina loti Chidindo, ndipo iye, posadziwa kuti akumujeda, ankalikonda.

Telalayo anali mlongo wake wamng'ono, ndipo chimene ankafuna kwa iye zaka zonsezi chinali chimodzi basi: amuuze kumene anaika mwamuna wake.

Chidindo analowa usilikali tsiku limodzi ndi mlamu wakeyo. Mlamuyo anapatsidwa lole yonyamula zipolopolo. Chidindo, poti ankalemba mokongola ndiponso ankadziwa kudzambatuka bwana akalowa, anam'patsa desiki mu ofesi yosunga mafayilo a asilikali, kutali zedi ndi kumene kunkalira mfuti. Fungo la wonga sanalimvepo. Koma nyenyezi paphewa zinkangomera ngati bowa. Chaka chachiwiri lefutenanti, chachitatu kaputeni, ndipo nyenyezi iliyonse inkafika kunyumba ndi kalata ndi chithunzi, munthu atatukula chibwano, dzanja lili pa lamba wa mfuti imene sanaiombepo.

Makalata akewo ndiye mukanafa nazo nseko. Otayipa, ndime zoikidwa manambala, pamwamba mutu wa nkhani wodulidwa mzere kunsi. Kulembera mlongo wako wa bere limodzi, n'kusaina kuti Kaputeni, n'kudindaponso, zoona zimenezo? Telala ankawerenga phazi lili pa makina, n'kuwaponya m'katoni ya zidutswa za nsalu. Amene ankasunga m'bulauzi anali a mwamuna wake, olembedwa ndi pensulo kuseri kwa mapepala otengera mafuta a galimoto, ofunsa ngati mwana wamera mano.

M'chaka chachinayi kunabwera envulopu ya khaki. Kalatayo inali yosindikiziratu, ya mtundu uja amangosiya mpata wa dzina. Pamwamba panali "Okondedwa Bambo/Mayi", ndipo panalibe amene anavutika kufufutapo liwu limodzi. Dzina la mwamuna wake linali pa mzere wa timadontho. Pansi pake panali siginecha imene ankaidziwa kuyambira ali ku pulayimale, ya mchira wopindika ija. Mchimwene wake weniweni anamuuza za imfa ya mwamuna wake pa fomu.

Analira maliro opanda mtembo, anthu n'kubalalika. Kenaka, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatenga cholembera. "Achimwene, ndiuzeni kumene anagona alamu anu, kuti mwanayu akadzakula ndidzamulozere." Analemba kasanu ndi kawiri. Mayankho ankabwera, tisaname. Ndime yoyamba, ndili bwino. Ndime yachiwiri, kuno zinthu zavuta, atichepetsera shuga wa mu tiyi. Ndime yachitatu, limba mtima, nkhondo ndi choncho. Kalata yomaliza inali ya masamba awiri, yofotokoza tsiku limene anam'veka umejala, amene anaimba lipenga, amene anam'gwira chanza. Za manda, zii.

Telala anasiya kulemba. Nkhondo inatha, mwana uja anakula nakhala namwino, ndipo chaka chilichonse ankafunsa amayi ake funso lomwelo. Mejala anapuma pa ntchito, namanga nyumba ya mpanda kumtunda kwa tauni, kumene mlonda ankauza achibale kuti bwana agonako pang'ono. Mukakumana pa ukwati, ukangoti uyambe nkhaniyo, ankayang'ana wotchi n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Ndiye Lachiwiri lina m'mawa, uyo watulukira m'shopu, jekete la usilikali lili pamkono. Loweruka kunali perete wa asilikali akale, ndipo mabatani sankafikanso pa mabowo ake. Telala wina akanatha kukalengeza kukula kwa mimbayo tauni yonse, ndiye apa mpamene anakumbukira kuti ali ndi mlongo.

"Mlongo wanga, ungoliwonjezera pang'ono m'mbalimu. Lachita kuchepa pochapa."

"Valani," anatero telala. "Tambasulani manja. Musagwedezeke, mapiniwa amabaya."

Anasomola ulusi wa m'mbali, nasomeka mapini kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno, uku ndi uku, nsonga zitaloza m'kati. Munthu amene anazemba funso zaka makumi awiri anangoti njo pakati pa shopu ngati choopsezera mbalame. Telala anakoka mpando nakhala patsogolo pake.

"Achimwene, alamu anu anawaika kuti?"

"Aa, nkhani zakalekale izi."

"Ndiye muima choncho. Ine sindikuthamangira kulikonse."

Mejala anayang'ana khomo, nayang'ana denga. Kenaka analankhula ndi mawu ake a mu ofesi aja, odekha, ophunzitsira kalaliki watsopano. Msilikali aliyense womwalira anali ndi fayilo, anatero, ndipo m'fayilomo munkakhala kapepala ka malo ndi nambala ya manda. Banja likafuna kudziwa, linkayenera kulembera Mkulu wa Ofesi ya Mafayilo. Pakatha zaka zisanu popanda pempho, fayilo inkatenthedwa kuti pa shelefu papezeke malo.

"Mkulu wa ofesiyo anali ndani?"

"Ndinali ine."

"Nanga si ndinakulemberani kasanu ndi kawiri?"

"Iwe unkalembera achimwene ako. Pa envulopu unkaika dzina langa lokha, popanda udindo. Amenewo ndi makalata a kunyumba, ankapita m'kabati ya za kunyumba. Ntchito ndi chibale sitisakaniza, mlongo wanga. N'chifukwa chake anthu ena tinkakwezedwa."

Anazinena monyada, tangoganizani. Mkwiyo telala ankaudziwa, anagona nawo n'kudzuka nawo zaka zambiri, koma ichi chinali china. Kunali kunyansidwa, kuja umamva ukaponda chinthu chofewa ndi phazi losavala.

"Osandiuza bwanji kuti ndilembe motero? Mzere umodzi wokha unakukanikani?"

"Malamulo anali pa bolodi pakhomo la ofesi. Aliyense akanatha kuwerenga."

"Ine ndili kuno, mwana ali kumsana, ndikawerenge bolodi la kwanuko?"

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Mejala, koma manja sakanatha kuwatsitsa.

"Fayilo yawo munaitsegulapo?"

"Isanapite kokatenthedwa ndinayenera kuona ngati zonse zilimo. Wosaina ndinali ine."

"Ndiye malowo munawaona."

"Ndinawaona." Anakwinya nkhope, ndipo kunena chilungamo anayesadi kukumbukira, milomo ikugwedera. "Linali dzina la mtsinje, ngati sindikulakwitsa. Kapena phiri. Tsiku limenelo anali mafayilo mazana atatu, mlongo wanga, ndipo tinamaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane."

Nthawi yomweyo namwino analowa, atapatuka kudzapereka moni popita ku ntchito. Anaona amalume ake atatambasula manja, naona nkhope ya amayi ake, ndipo anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Amayi, anena?"

"Anena, mwanangu. Usadzandifunsenso. Bambo ako kulibe kumene tingakawapeze."

Namwino anakhala pa mulu wa nsalu, nagwira pakamwa. M'shopu munkangomveka mabasi a panja. Mejala anadikira kanthawi, mwa ulemu wakewo, manja adakali m'mwamba, kenaka anatsokomola.

"Nanga jeketeli, mlongo wanga, likhala litatha pofika Lachisanu?"